Mzere wa alamu anga ukukana kufufutika

Aphungu,

...ndiye ndinaufufuta kachitatu, kachinayi, mpaka chala kutentha, koma kutacha mzere uja uli pompo ngati sindinaukhudze. Pepani, ndayambira pakati. Mutu wanga suli bwino masiku ano.

Ine ndimagula usipa ku Ngala, ndimayanika ndekha, n'kukagulitsa ku Kasungu. Mukafunse aliyense kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, akuuzani kuti amphaka a ku Kasungu amadziwa kulira kwa lole imene ndakwera ine. Maboti ndili nawo atatu. Sukulu ndinalekezera sitandade 6, koma pa masamu a m'mutu ngakhale bwana wa banki sangandione kumsana.

Ophunzira pakhomo pathu ndi akazi anga, Rahila, mayi a Ikram. Iwo ndi mlembi ku kopaletivu ya mpunga. Chaka chatha atatopa ndi kundifunsa kumene ndalama zikupita, anaika kapulogalamu pa foni yanga. Banki ikangotumiza meseji yoti ndalama zalowa kapena zatuluka, kapulogalamuko kamatola meseji ija n'kukalemba kokha pa tebulo la Ekiselo: tsiku, ndalama zake, ndi malo. Tebulolo limaoneka pa foni yanga ndi yawo yomwe. Ine ndinakondwa kwabasi. Kudoko ndinkaonetsa aliyense kuti ndalemba kalaliki amene sadya, sagona, ndiponso safuna malipiro.

Vuto labwera ndi mlamu wanga Amiri, mlongo wawo wa akazi angawa, amene ali ku Joni. Mu Meyi anandiimbira foni. Anati, "Alamu, ndagula kamalo ku Dwangwa, ndikufuna ndimange. Ndalama ndizitumiza kwa inu, inu muzikapereka kwa mmisiri. Koma musauze munthu, ngakhale achemwali anga. Kwathu akangomva kuti ndili ndi kenakake, mudzi wonse udwala tsiku lomwelo." Anandilumbiritsa, ine n'kunena wallahi. Za kalaliki wanga uja ndinaiwaliratu.

Ndiye pa 5 mwezi uliwonse K400,000 imalowa mu akaunti yanga. Amaiika ndi munthu wa mabasi a ku Joni, choncho dzina la Amiri silioneka. Pa 6 ine ndimakaitapa ku Dwangwa n'kumupatsa Lazaro, mmisiri wa nyumbayo.

Mwezi woyamba mayi anandifunsa, "Bambo a Ikram, folo handiredi iyi yachokera kuti?" Apa ndi pamene pakamwa panga panandigulitsa. Ndinati, "Phindu la usipa limenelo. Simukudziwa kuti munakwatiwa ndi munthu wamkulu?" Tsiku limenelo anandiphera nkhuku, mawa lake anapita kukafunsa mtengo wa malata, poti denga lathu likudontha mbali ya kuchipinda.

Pano yakwana miyezi inayi, malata sanagulidwe. Sabata yatha anandikhazika pansi, foni ili m'manja. "Phindu lanuli limagona m'banki usiku umodzi, m'mawa lili ku Dwangwa. Ku Dwangwa kuli ndani?" Ndinati ndikukonzetsa injini ya boti. Iwo anati, "Injini ya miyezi inayi? Imavala chitenje chamtundu wanji injiniyo?" Ndinaseka, iwo sanaseke.

Aphungu, ine kunja ndilibe mkazi, ngakhale kuti ondifuna ndi ambiri moti ndimayenda ndikuyang'ana pansi. Koma mayi a Ikram aitana ankhoswe Lachisanu tikatuluka ku mzikiti, ndipo zovala zawo zili kale m'chikwama. Ndikaulula, ndaswa lumbiro ndipo Amiri adyedwa wamoyo ndi abale ake. Ndikakhala chete, banja la zaka khumi ndi zinayi lapita. N'chifukwa chake ndimafufuta mizere ija, koma imabweranso.

Funso langa ndi ili: kodi palibe batani loti kalalikiyu azidumpha mizere ina? Kapena ndingoponya foni m'nyanja ndinene kuti yagwa yokha?

F.U., Nkhotakota

Ndinaiwala kunena: za maboti atatu zija ndawonjezera pang'ono. Boti ndi limodzi, ndipo theka lake ndi la mnzanga Sufiyani. Zina zonse ndi zoona.

Bambo F.U.,

Batani limenelo ngakhale litakhalapo sindingakuuzeni. Mizereyo imabweranso chifukwa kapulogalamuko kamawerenga mameseji a banki n'kubwezera chilichonse chimene chasowa. Komanso mayi a Ikram anaiona kale miyezi inayi yonse. Munthu amene amalemba za kopaletivu akaona mzere wasowa, ndiye kuti mwamupatsa umboni umene analibe. Foni isiyeni m'thumba.

Kalaliki wanu sananame. Analemba kuti ndalama zalowa ndi kuti zatuluka, basi. Amene ananena kuti ndi phindu la usipa ndinu. Amiri anakupemphani kuti mukhale chete, sanakutumeni kuti mudzitame ndi ndalama zake.

Lero lomwe muimbireni Amiri. Mumuuze mosapita m'mbali kuti chinsinsi chake chikuthetsa banja la mlongo wake. Mumupatse mpaka Lachitatu kuti awauze yekha mayi a Ikram, kapena akumasuleni pa lumbirolo kuti muwauze inuyo. Sakufunika kuuza mudzi wonse, ndi munthu mmodzi yekha. Akakana, pitani kwa shehe wanu mukafunse zoyenera kuchita ndi lumbiro limene likuvulaza munthu wosalakwa, kenako muwauzebe mayiwo Lachisanu lisanafike. Musadikire kuti akamve pamaso pa ankhoswe, chifukwa pamenepo ndiye nkhani ya Amiri ifika paliponse pamene ankaopa.

Mukawauza, musangodalira pakamwa panu, poti pakali pano sipakukhulupirika. Kwerani nawo minibasi mpaka ku Dwangwa, akaone khoma la nyumba ya Amiri ndi maso awo, akalankhule ndi Lazaro, awerengetse zimene analandira ndi zimene zili pa tebulo.

Zikatha zimenezo, ndalama za Amiri zichoke mu akaunti yanu. Atsegule yake, kapena azitumiza kwa mmisiri mwachindunji. Ngati pali zina zodutsa zotere, apempheni mayi awonjezere danga pa tebulo lolembapo mwini wake wa ndalama iliyonse, ndipo muzilemba tsiku lomwelo. Muwapemphenso aone bwino kuti kapulogalamuko ndi kochokera kodalirika. Kamawerenga mameseji anu onse, kuphatikizapo manambala achinsinsi amene banki imatumiza, ndipo kakadzafunsa PIN yanu kachotseni nthawi yomweyo. Zoonetsa tebulo kudoko nazo musiye.

Chenjezo langa ndi lakuti musayembekezere nkhuku ina. Akwiya kawiri. Koyamba chifukwa munawanamiza miyezi inayi mukuwayang'ana m'maso, kachiwiri chifukwa ndalama imene ankaiwerengera malata si yanu, ndipo mvula ikubwera. Khalani pansi mumve zonse ziwiri mpaka amalize, osayankha ndi nthabwala. Mawu anu oyamba akhale akuti "ndinanama", ndipo musawonjezerepo kanthu.

Aphungu