Chopanira Chakukhoma

Achimwene anga okondedwa,

Choyamba mundikhululukire kalembedwe. Mukudziwa kuti ine sukulu ndinangoinunkhiza, ndipo masiku ano ndikamalemba mizere ikumakwera phiri. Pamene pakuvutani kuwerenga muzingoganizira. Wondilembera sindinamufune, chifukwa nkhaniyi si yopatsa mwana wa eni.

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji pamodzi ndi ana? Nanga chifuwa chimene munachoka nacho kuno pa maliro a amayi chinatha? Munati ndi fumbi la simenti la kuntchito kwanu, ine ndinangovomera pakamwa. Foni yanu ndayesa mpaka chala kuwawa, akungoyankha mayi uja wonena kuti nambala sikupezeka. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya matabwa, amene akuti geti la kuntchito kwanu amalidziwa.

Kuno tilipo. Bambo a ana akukonzabe njinga za anthu m'shedi mwawo. Mtsikana wanga ndi woyembekezera, ndipo watopa ndithu. Miyendo yatupa moti nsapato zonse zamukana, akuvala za bambo ake. Wabwera kudzakhala kuno mpaka atachira.

Nyumba yazizira chichokereni amayi. Ndimapezeka ndathira tiyi m'makapu awiri. Tsiku lina ndinakolezera makala m'simbi yawo ija, ndipo nditaigwira ndinakumbukira kuti palibe chositidwa. Simbi imeneyo ndiyo inatilera, achimwene. Mayunifolomu a anamwino, malaya a aphunzitsi, nsalu za patebulo la kutchalitchi, zonse zinadutsa pansi pake. Amayi anafika mumsewu muno nyumba zili zowerengeka, achokamo anthu akuimika magalimoto pakhomo. Loweruka lililonse ankasesa m'tchalitchi. Msana utapindika sanasiye kupita, ankakhala pakhomo n'kumaloza ndi ndodo pamene osesa alumpha. Amayi a mpingo ankati bola kukalipiridwa ndi abusa kusiyana ndi kulozedwa ndi ndodo imeneyo.

Koma chimene ndakulemberani ndi waya wa kuseri uja.

Sindikunena woyanikapo zovala ayi. Ndikunena wapamwamba uja, wochokera pa msomali wa pakhoma la khitchini kukafika pa mtengo wa mandimu. Paja pamenepo sipankayanikidwa kanthu, ngakhale kampango. Mukukumbukira alamu atangobwera kumene, anayanikapo thawulo? Amayi analichotsa ndi zala ziwiri, alamu n'kukalira kubafa. Pa wayapo pankangokhala zopanira zovala zamtengo, zimene ana amati mapegi. Abambo anali ndi chawo, ndipo aliyense wotuluka m'mimba mwa amayi anali ndi chake, ana, zidzukulu ndi ana a zidzukulu, mwa kubadwa kwawo. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndiye mapemphero awo ankawasunga pa waya.

M'mawa uliwonse akasukusula, asanayankhule ndi munthu, ankatuluka n'kumagwira chopanira chimodzichimodzi, milomo ikugwedera, mawu osamveka. Ankapita mpaka pa mandimu, pobwerera n'kumagwiranso. Bambo a ana ankawaseka kuti tsitsi lachita kuyera ali m'nyumba muno koma chopanira sanapatsidwe. Amayi ankawayankha kuti akadandaule kwa amene anawabereka, aliyense amange waya wake.

Za abambo munandiuza ndinu, poti ine ndinali kumsana. Munati chopanira chawo chinagwa masana kulibe mphepo. Amayi ankafinya nsalu ya eni, ndipo anaiponya padothi, iwo amene sankalola chovala cha munthu kukhudza pansi. Anatola, anatchula dzina la abambo mokweza, anabwezera. Chinagwanso. Dzuwa lisanapendeke kunabwera anthu a kumakina ochekera matabwa kumene abambo ankagwira ntchito, zipewa zili m'manja. Chopaniracho amayi anachiika m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati. M'menemo ndimo munapitanso za abale athu awiri amene anatsogola.

Koma si chilichonse chogwa chinkathera m'chitini. Nthawi imene ndinadwala nditabereka mwana woyamba, akuti changa chinagwa masiku ambiri, amayi osatopa kutola, mpaka chinagwira. Nditachira anandiuza mawu awa: "Chikagwa usamachiyang'ane. Tola, tchula dzina, bwezera. Koma dzina limodzi, ndipo ulikakamire. Chopanira chimodzi sichigwira malaya a anthu awiri." Ndinawafunsa kuti changa ndi chiti. Anakana. Anati ndi kamtima kanga ka mbalameka ndikadziwa ndidzasiya ntchito n'kumachilondera.

Mwezi wawo womaliza, tsiku lina anandituma kuti ndiwatsitsire chitini chija. Anasankhamo chimodzi, n'kundiuza kuti ndikawatenthetsere madzi. Pobwera ndinapeza ali panja ndi ndodo yawo, akupuma movutikira, m'manja mulibe kanthu. Kameneko kanali komaliza kuyenda okha. Madzulo mtsikana wanga atabwera kuchokera kotelala kumene amasoka, amayi anamuyang'ana pamimba n'kumuuza kuti asiye kunyamula ndowa zodzaza. Mwiniwake anali asanadziwe n'komwe.

Ndiye pa waya panawonjezeka chopanira cha mwana wosabadwa. Koma ine sindinaone mbali imene anachiika. Zonse n'zotuwa mofanana, zonse zinamenyedwa ndi mvula imodzi.

Titaika maliro wayayo sindinamukhudze. Ndinkati mwini wake wapita, zatsalazi ndi timitengo chabe. Koma mtima sunandilole, ndipo ndinayamba kutuluka m'mawa n'kumagwira chimodzichimodzi, ndikungoti Ambuye, inu mukuwadziwa.

Tsiku lina masana ndikutsuka mbale, ndinamva kaphokoso ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Nditasuzumira ndinaona chopanira chili pansi, chakumapeto kwenikweni, choyandikana ndi khoma. Masamba a mandimu anali zii, osagwedezeka. Nkhuku zimene zinkapalasa pamenepo zinachoka mwakachetechete, ndipo mpaka lero sizidutsa pansi pa waya. Ndikamwaza chakudya pamenepo chimadyedwa ndi nyerere.

Ndinatola, ndinatsegula pakamwa kuti nditchule dzina. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti dzinalo sindikulidziwa. Ngati amayi ankayambira kukhoma, chakumapetocho ndi chanu, poti woyamba ndinu. Ngati ankayambira kumandimu, chakukhoma ndi chomaliza, cha mwana ali m'mimbayu. Zaka zonsezi ndakhala nawo nyumba imodzi, ndikuwaona pa zenera m'mawa uliwonse, koma kumene ankayambira sindikudziwa. Ankagwira popita, ankagwira pobwera.

Kuyambira tsiku limenelo chikugwa masana alionse.

Ndinaitanitsa achemwali athu kuti ndiwafunse. Anati ndithudi ndi kukhoma, munthu akatuluka m'khitchini amayambira pamene wafikira. Bambo a ana anati ayi, iwo ankaona amayi akuima nthawi yaitali pa mandimu, ngati munthu amene akuyamba pemphero. Achemwali anawafunsa kuti munthu wopanda chopanira akudziwapo chiyani za waya wa eni. Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Potuluka achemwali anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti kunena zoona sakudziwa, ndipo ndisawaitanenso kuseriko.

Bambo a ana anati vuto ndi kasipuling'i ka chopaniracho, katopa. Anachotsa n'kuikamo katsopano. Chinagwa. Mawa lake anatenga waya wa mabuleki a njinga, anamanga chopaniracho ndi pulayala mpaka thukuta, n'kunena kuti tsopano ngakhale ng'ombe ikoke. Masana tinachipeza pansi, chili chotseka kukamwa. Kawaya kawo kanali pamwamba pomwepo, kozungulira bwinobwino, mfundo yake yosamasuka. Anayang'ana nthawi yaitali, anatola pulayala yawo, ndipo kuyambira pamenepo akamapita kushedi amazungulira kumaso.

Ndinaitana abusa. Anandiyankhula mofatsa, sindingawanamizire. Anati amayi anali mayi wa pemphero, koma Mulungu sakhala m'timitengo, ndimasule waya yense ndizipempherera kuchipinda. Tinali titaima kuseri komweko, iwo akumwa madzi. Chopanira chija chinagwera pafupi ndi nsapato yawo. Anawerama, anatola, n'kundipatsa m'manja akuseka pang'ono, amvekere chatentha ndi dzuwa. Chinalidi chofunda ngati dzanja la munthu. Koma achimwene, inu mukudziwa kuti mbali imeneyo khoma limatchinga, dzuwa silifikapo tsiku lonse. Abusa anayang'ana mthunziwo, anasiya madzi osamaliza, n'kunena kuti adzabweranso ndi akulu a mpingo. Sanabwere.

Ndakhala ndikusinthasintha. Lero nditchule dzina lanu, mawa nditi mwana wa mwana wanga, poti dzina alibe. Koma kugwa sikundiuza kanthu, pakuti ngakhale kwa amayi chinkagwa masiku ambiri chisanagwire. Iwo ankakakamira dzina limodzi. Ine ndikugawa pemphero pakati ngati sopo, ndipo ndikuopa kuti onse awiri simukhuta.

Tsopano ndinene chimene chandigwiritsa cholembera.

Dzulo ndinaperekeza mtsikana wanga kusikelo. Namwino anamuyeza magazi, anakwinya nkhope, anamuyezanso, kenaka anakaitana mnzake. Anati magazi akuthamanga kwambiri, tilongedzeretu chikwama ndipo tisapite patali. Panjira mwanayo ankandiseka kuti ndatuwa kuposa wodwala. Ankandiuza za timalaya timene wasoka ndi zidutswa za kotelala. Za wayazi sakudziwa kanthu, tonse tamubisira.

Titafika iye anakagona, ine ndinazungulira kuseri. Chinali pansi. Ndinatola, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ambuye, chikhale cha achimwene."

Sindinkakupemphererani ayi. Ndinkakuperekani. Mumtima ndinkati iwo zaka zawo adyako, ana awo akula, uyu sanaone ngakhale dzuwa. Ndinanena zimenezo za inu, amene munkandibereka kumsana amayi akamachapa, amene munkandiperekeza kusukulu chifukwa ndinkaopa galu wa pangodya. Ndinabwezera chopaniracho ndi mawu amenewo, ndipo madzulo onse ndinkangosuzumira pa zenera, osadziwa ngati ndikufuna chigwire kapena chigwe. Mundikhululukire ngati mungathe. Ndikanatha kubisa, koma sindingakupempheni chinthu ndi mawu amenewo ali pakhosi.

Pempho langa ndi ili. Pamene amayi ankamanga wayayo inu munalipo. Munandiuza kuti msomali munawagwirira ndinu, zopanira zili ziwiri zokha, cha abambo ndi chanu. Palibenso wina wamoyo amene anaona. Kumbukirani, achimwene. Anaziika kukhoma kapena kumandimu? Musavutike ndi kulemba. Muuzeni dalaivalayo liwu limodzi, khoma kapena mtengo, abwera nalo pobwerera. Kapena bwerekani foni ya munthu.

Koma musandinamize. Ndimakudziwani. Mukawerenga izi mudzati ndi changa, ngakhale chisali chanu, kuti mlongo wanu agone tulo. Mukatero ndidzakakamira dzina lanu pamene wofunika kutchulidwa ndi mwanayu, ndipo mudzakhala mwamulanda pemphero. Mukanenanso kuti si chanu pofuna kuti ndisade nkhawa ndi chifuwacho, mudzadzilanda nokha. Ngati mwaiwala, nenani kuti mwaiwala. Ndipo kaya ndi chanu kaya si chanu, pitani kuchipatala akakuunikeni. Fumbi silikhalitsa chotero m'chifuwa cha munthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti thawulo lawo lija amayi ankalikumbukira n'kumaseka okha mpaka masiku omaliza. Moni kwa ana onse ndi adzukulu anu. Achemwali akupereka moni, bambo a ana nawonso. Mtsikana wanga akuti malume ake abwere adzaone chimene chikumuvalitsa nsapato za bambo ake. Mulungu amene amayi anamutumikira akusungeni, akupatseni mpweya wabwino, akutchingireni kuntchito ndi panjira. Izi ndikunena ndi mtima wonse, mundikhulupirire.

Lero chagwanso. Sindinabwezere. Chili m'thumba la epuloni yanga pamene ndikulemba pano, ndipo sindikudziwa kuti ndi cha ndani.

Ndine mlongo wanu,
chitsirizira cha amayi