Mkamwini Amene Ndinamuvomereza Ndekha

Lolemba, 3 Malichi 2025, 10 koloko m'mawa

Effie wagona, wachokera ku naiti. Adzukulu kusukulu. Kunja kamvula ka Woolwich, kuno ku London, kosadziwa kugwa kapena kuleka.

Mwana wanga Effieyu wapeza mwamuna. M'foni. Nesi wathunthu, zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirire bambo wa ana ake, lero akusekerera galasi la foni ngati mtsikana wa Fomu 2. Dzina Shadrick Mbewe. Akuti amagwira ntchito pa sitima yapamadzi ku Dubai, ndipo kamera kumeneko njoletsedwa. Chithunzi chokha. Nkhope yabwino, mpata kumano, shati yabuluu.

Ndamuuza Effie kuti mwamuna si nsapato yoitanitsa pa intaneti. Ndimufunsa ndekha.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndamufunsa. Ola lathunthu pa foni. Ine wabodza ndimamumva fungo ali patali, ndinagulitsa kaunjika pa Mponela zaka makumi awiri.

Kwanu? Ku Ntchisi, mudzi wa Kamphinda. Amayi? Nabanda. Wachingati kubadwa? Wachitatu mwa ana asanu ndi mmodzi. Kobatizidwira, sukulu, chaka chimene bambo ake anatisiya, zonse osakhosomola n'kamodzi komwe. Kenako anabwera pa foni amalume ake, a Rogers, akuti ndiwo ankhoswe. Ulemu wake! Mawu ngati akugwada.

Effie anati titumebe amalume ake a Biswick, alongo anga, akaone pakhomo ngati mmene timachitira kwathu. Ndinamudula. "Transipoti ya chiyani? Makutu angawa sakukwana?"

Anandimvera.

Lachinayi, 20 Malichi

Effie watumiza mapaundi 2,400. Tikiti ndi viza. Ndalama za mkamwini akuti kampani imasunga mpaka kontirakiti ithe. Mwana wanga akugwira mashifiti owonjezera, mapazi atupa ngati mandasi. Ndawathowa.

Ndagula nsalu ya chinkhoswe pamsika, mamita khumi ndi awiri, yobiriwira. Azimayi a kutchalitchi ndawauza onse, ndi omwe sanafunse. Mdzukulu wanga Mwayiwathu wafunsa m'Chingelezi chakecho ngati azidzati dadi. Ndinati inde.

Lamulungu, 6 Epulo

Mkamwini sanafike. Dzulo maola anayi ku eyapoti, Effie ndi maluwa m'manja. Akuti amugwira ku Dubai, pakufunika chindapusa. Effie watumizanso.

Lero titaweruka kutchalitchi wandikokera pambali Winfrida, wa ku Lusaka uja wosamala okalamba ku Barking. Manyazi ndi chimwemwe, foni m'manja. "Ambuya, onani munthu wanga. Ni Newton, abwera mu Meyi."

Mpata kumano womwewo. Shati yomweyo.

Ndinati ngwokongola. Pakamwa panga posatseka paja, lero panatseka. Ndinalowa m'chimbudzi cha tchalitchi n'kuimbira a Biswick.

Lachiwiri, 22 Epulo

A Biswick apitako. Anachedwa ndi kukolola.

Mudzi ulipo. Nabanda alipo, nkhalamba yoyendera ndodo. Shadrick nayenso alipo. Kumanda, chiyambire 2021. Kolona. Za Rogers palibe anamvapo.

Anditumizira chithunzi cha pepala la pulogalamu ya maliro, lija amagawa kusiwa, anthu n'kumalijambula kuika pa Facebook. Kutsogolo nkhope ija. Kumbuyo mbiri ya malemu. Mudzi, mfunda, wachitatu mwa ana asanu ndi mmodzi, kobatizidwira, sukulu. Mafunso anga onse, ndi ndondomeko yake yomwe. Ine ndikufunsa modzikweza, mbava ikungowerenga.

Nabanda atamva kuti mwana wake akufunsira mbeta ku London anagwa pansi. Analira maliro kachiwiri. A Biswick akuti anachita kuthawa pakhomopo.

Nsalu ndaiika pansi pa bedi.

Lachinayi, 24 Epulo, masana

Masiku awiri, Effie sindinamuuzebe. Ine, amene ndinakalipira dalaivala wa basi m'Chichewa mpaka anaima.

M'mawa Effie amasita yunifolomu akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Wanenepako kumaso mwanayu, sindinamuone chonchi chichokere kumanda kwa mwamuna wake. Akuti malipiro alowa mawa, atumiza yomaliza, Shadrick atuluke. Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'choti watenga ambulera?

Kumuuza pamaso sinditha. Kope ili ndiliika pa pilo pako.

Effie mwananga, iwe unanena zoona. Unati titume munthu. Ndinakana ndine, ndipo unatumiza ndalama zako chifukwa amayi ako anati ndamva ndekha. Wopusa m'nyumba muno si iwe. Mawa usatumize kanthu. Chithunzi cha pepalalo chili m'foni mwanga, ndaisiya pambali pa kopeli.

Ukamaliza kuwerenga unditukwane, ndili kukhitchini, sindiyankha. Ukatero ukwere sitima ya ku Barking ukampatse Winfrida awerenge. Usadikire Lamulungu. Anandifunsa komwe ndinagula nsalu ya chinkhoswe, ndipo ndinamulozera.