Damu la Atate ndi Nsomba za M'galasi

Lusaka,
Mwezi wa Okutobala

Achimwene anga a Yohane,

Landirani moni wochokera kwa mlongo wanu. Muli bwanji kumeneko ku Vubwi, inu, alamu anga a Rebecca ndi ana? Nanga mwendo munavulala pa njinga uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa latiwamba ndipo magetsi akungothimathima.

Uthenga munandisiyira pa foni uja ndinaumvetsera kangapo. Munati atate ayamba kukumba damu kumunsi kwa dimba, pamene panali nzimbe paja, ati nsomba zimene ndinatumiza pa chithunzi zidzapeze nyumba ili yokonzeka. Munati ndiwaimbire ndiwaletse asanazule ndi repu yemwe. Poyamba ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Walira mvula walira matope, chithunzicho ndinatumiza ndine, pofuna kudzitama. Koma nkhaniyi singathe pa foni, n'chifukwa chake ndalemba. Lolani ndiyambe ndi ntchito imene tikugwira kuno, chifukwa inenso ikundizunguza mutu.

Abwana anga a Francis, amene anandiphunzitsa za mapaipi, anapeza ntchito kwa a Nabil, amene makolo awo ali ndi shopu ya nsalu ku Katete. A Nabil akumanga malo odyera, ndipo pakati pake akufuna thanki yagalasi, yaitali ngati ngolo ziwiri zolumikiza, yoti muzikhala nsomba za kunyanja yamchere pamodzi ndi makorali. Makoraliwo mutawaona mungati ndi miyala yamaluwa, koma ati ndi tizilombo tamoyo, timadya, timadwala, timafa. Ine ndinafunsa ngati timamvanso kuwawa. Onse anangondiseka. Chithunzi chija ndinajambula kwa munthu amene adzatigulitse nsombazo. Thanki yathu ikadali youma.

Chandidabwitsa n'chakuti thanki imene anthu adzaione ndi theka chabe la ntchito. Kuseri kwa khoma kuli kachipinda, ndipo mmenemo tiikamo thanki ina, yapansi, yosefera madzi. Madzi amasefukira pamwamba pa yaikulu ija, n'kutsika okha m'mapaipi, n'kusefedwa, kenako pampu imawakankha kuti abwerere. Amangozungulira choncho osapuma.

Mpaka lero sitinadule paipi ngakhale imodzi. Timangokhala chogwada pa simenti ndi choko, kujambula, kufufuta, kukangana. A Francis amafuna pampu ikhale kukona kuti phokoso lisamasokoneze anthu akudya. Ine ndimati kukonako paipi ikhotakhota, ndipo iwo omwe anandiphunzitsa kuti pokhota paliponse pampu imataya mphamvu. Pomaliza tinagawana: pampu yakhala pamene ndimafuna ine, koma tiikhazika pa labala wokhuthala ndi kuitchinga ndi thabwa monga amafunira iwo. Ndipo zikhala ziwiri, kuti ina ikafa inzake izigwira.

Mapaipi otsitsa madzi akhala atatu. Yoyamba imagwira ntchito yonse, yachiwiri imathandizira, yachitatu imangokhala youma. Ndinafunsa kuti tikuonongeranji paipi pa chinthu chaulesi chotero. A Francis anati ikudikira tsiku limene nkhono idzalowe n'kutseka zinzake, ndipo tsiku limenelo ndi yokhayo idzapulumutse makapeti a eni ake.

Zina ndiye zandichititsa manyazi. Mipope yamkuwa imene ndakhala ndikuika m'nyumba za anthu zaka zonsezi, ati kwa makorali ndi poizoni, pafunika pulasitiki yokhayokha. Za mchere ndinati tikagule matumba ku msika wa Soweto, ndinyamula ndine. A Nabil anagwira pakamwa. Mchere wake ndi wina, umabwera m'mabaketi kuchokera kunja, ndipo amausakaniza ndi madzi osefedwa mpaka osatsala kanthu. M'kati mwa thankimo tiikanso timapampu tating'ono togwedeza madzi uku ndi uku, chifukwa makorali sayenda, chakudya chimayenera kuwapeza pamene ali. Tangoganizani, ine amene sindinaonepo nyanja yamchere, ndikujambula mafunde ake ndi choko!

Chimene chandikondweretsa kuposa zonse ndi kabowo. Magetsi akathima pampu imaima, ndipo paipi yokweza madzi imayamba kuwayamwa chobwerera, monga mumakokera petulo m'mgolo ndi kapaipi. Mukapanda kusamala, thanki yapansi imadzaza n'kutayikira. Mankhwala ake ndi kabowo kochepa ngati njere ya mapira, koboola pa paipi yokwezayo, pafupi ndi pamwamba pa madzi a m'thanki yaikulu. Mpweya ukangolowa, kuyamwa kwatha. Ndinayesa ndi ndowa ziwiri kunyumba kumene ndimagona, ndipo ndinabwereza mpaka mayi wa landilodi anafunsa ngati ndili bwinobwino.

Ndiye mwaona, achimwene. Nsomba zimenezi m'madzi a m'dimba mwathu sizingafike ndi madzulo omwe. Ndikudziwa zimenezo. Ndipo mukunena zoona kuti repu ndiye akutidyetsa chilimwe chino.

Koma mu uthenga womwewo munanenamo zina, mwina osaziganizira. Munati atate akumalawirira ndi khasu, akumabwera matope okhaokha, akumamaliza chakudya n'kuitanitsa china. Achimwene, chimwalirire amayi, ndi liti atate anagwirapo khasu? Nditabwera pa Isitala ndinawapeza pakhonde, maso ali kumsewu, moni akuyankha ndi mutu. Ndinabwerera kuno ndili ndi mantha kuti tiwataya nawonso. Munatinso anakhala nayo nthawi yaitali foni yanu, akuloza kansomba kachikasu kaja, ati kakufanana ndi chitenje chimene amayi ankavala popita ku mwambo wa Kulamba. Nditamvetsera kachiwiri pamenepo ndinasiya kuseka. Ndinalira.

Pempho langa ndi limodzi: musawaletse. Ngati n'kotheka, repuyo muwokere kumtunda, mbewu yowonjezera ndibweretsa. Koma khasu lija musawalande, ndipo musawauze kuti nsombazo sizingabwere.

Chimene ndikuopa ine ndi china. Damu lopanda potulukira madzi, mvula ya Januwale ikadzabwera lidzaphulika, lidzakokolola dimba lonse, ndipo atate adzabwerera pakhonde paja osadzukanso. Choncho ndapempha tchuthi, ndipo a Francis avomera kuti ndibwere mvula isanayambe. Andipatsanso mapaipi otsala ku ntchito ina. Tidzaika imodzi yotulutsa madzi, ndi ina pamwamba pake, youma ija yodikira tsiku loipa. Ndafufuza ndamva kuti ku Chipata kuli anthu ogulitsa tiana ta nsomba zoweta m'madamu, zamtundu wa chambo. Zimenezo sizifuna mchere kapena pampu, zimadya gaga.

Sizachikasu, ndikudziwa. Zimenezo ndidzawauza ndekha, ndi pakamwa panga, titakhala pamphepete pa damu lawolo. Sindikudziwa kuti ndidzayamba bwanji. Mwina ndidzayamba ndi kuwafunsa kumene madzi amalowera, chifukwa dimba limenelo amalidziwa ndi iwo, ine ndimadziwa mapaipi chabe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa azakhali a Scholastica, ndi kwa amalume a Obed ku Sinda mukawaimbira. Ana muwauze kuti asamasewere m'mbali mwa dzenjelo.

Atate muwapatse moni mutagwada, m'malo mwanga. Akafunsa kuti Melody wati bwanji za damu, muwauze kuti ndaliona pa chithunzi munanditumizira chija, likadali losaya. Azikumbabe.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Melody