Mizu Yanga ya Doraji Yachita Maluwa ku Seoul

Lolemba, 3 Julayi

Foni iwe, lemba bwino. Mwana wanga Dong-pil anati ukamva mawu umalemba wekha. Sukulu sindinapite nayo patali, koma poyankhula sindiphonya.

Lemba izi. Mu Epulo ndinakumba mizu yanga yakalekale ya doraji, chitsamba cha maluwa chochiza chifuwa, ija ndakhala ndikuisamutsa malo kuti isaole. Ndinaitumiza ku Seoul chifukwa Dong-pil ankatsokomola pafoni. Ndinanena momveka: aphike ndi uchi. Lero mpongozi wanga Mi-ran watumiza chithunzi. Mizu yanga ili m'miphika pakhonde, yachita maluwa. Anaibzala!

Lachitatu, 5 Julayi

Ndamuonetsa Ok-bun wa nyumba yoyandikana nayo. Kuseka mpaka mano ake oikirira kugwedera. "Achemwali, mpongozi wanu ankayesa mwamutumizira zokongoletsa pakhomo!" Ndamuuza kuti manowo adzagwera m'chitsime.

Koma Mi-ran si chitsiru. Tikamakumbukira malemu amuna anga, amene amafikisa doraji ndi mchere kuti achotse kuwawa ndi iyeyo. Ndinamuphunzitsa ndekha. Ndiye bwanji?

Lachinayi, 6 Julayi

Ndaimbira Mi-ran. "Mwana wanga, mankhwala amabzala?"

Iye akuti, "Amayi, adokotala akuti za zitsamba ayambe wadikira."

Adokotala, pa chifuwa wamba? Ndati mupatse foni mwini wakeyo. Akuti wagona. Masana, tsiku la ntchito, Dong-pil wagona.

Lachisanu, 7 Julayi

Sindikumvetsa. Foni, fufuta zimenezo. Ayi, zisiye.

Lamulungu, 9 Julayi

Dong-pil ndi Mi-ran abwera osandiuza. Andipeza kumunda ndi sizasi, ndikudula maluwa asanamasule kuti mphamvu zipite ku muzu, monga chaka chilichonse.

Dong-pil wavala chipewa chaubweya, kutentha konseku. Buluku likumukhwepa. Nsidze palibe. Mi-ran waima patali, maso pansi.

"Amayi, mukudulabe?"

"Nanga ndani adule, agalu? Wameta nsidze ngati mtsikana wa pa TV bwanji?"

Waseka, kusekako kwathera m'chifuwa. Wagwada, watsina duwa limodzi lotupa, phu! Ali mwana ndinkamuthamangitsa ndi tsache chifukwa cha khalidwe lomweli.

"Musamukwiyire Mi-ran. Anabzala mizu ija kuti isaume. Akuti izindidikira, ndidzadya ndikamaliza mankhwala a kuchipatala."

"Mankhwala a chiyani?"

Wangovula chipewa. Mutu uli mbee, ngati tsiku lomwe ndinamubereka.

"Chaka chino musadule onse, amayi. Ndikufuna ndione munda wonse utachita maluwa."

Pano agona kuchipinda, dzuwa likadali pamwamba. Mi-ran ndamupatsa mtsamiro wanga wabwino uja. Sizasi ndaisiya pamwala. Ok-bun wasuzumira kumpanda, akufunsa ngati ndachita ulesi. Ndamuuza kuti chaka chino ndikulima maluwa.