Tulutsani Buku la Nyimbo la Amayi

Cape Town

Okondedwa achimwene Kaitano,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Kodi muli bwanji kumeneko, inuyo, alamu anga a Juliana ndi ana onse? Nanga mwendo uja munadzitema ndi khasu kudimba unapola? Ine kuno thupi lili bwino ndipo ntchito ikuyenda, koma mtima wanga suli m'malo ngakhale pang'ono.

Mudabwa kuti masiku ano a mafoni ndakulemberani kalata ngati munthu wamakedzana. Olakwa ndinu. Ndikayimba foni mumayika pa sipika n'kumandiyankha uku mukukonola chimanga, ndipo theka la Kasisi limamva nawo. Nkhani iyi si ya pa sipika. Ndapatsira a Maclean, anzathu a ku Nchalo amene akukwera basi mawa. Muwerenge muli nokha.

Za kuno sizambiri. Ndinasamuka m'chipinda chija chifukwa denga linkadontha pamutu penipeni pa bedi. Komwe ndili tsopano n'kwabwino, kungoti mphepo ya kuno siidziwa kupuma. Ine amene ndinkadandaula kutentha kwa ku Chikwawa, lero ndikukufuna. Nsomba za kuno n'zazikulu koma zilibe kukoma, ndipo ndikakumbuka mlamba wowamba malovu amadzaza m'kamwa.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa. Alamu ananditumizira mawu pa foni, akulira, ndipo anandiuza zonse zimene inu mwakhala mukundibisira. Chonde musawakalipire, anachita bwino.

Akuti kuyiwala kwa amayi kwafika poipa. Akuti inu amakutchulani dzina la malemu bambo, ndipo masiku ambiri amangolankhula Chisena cha kwawo ku Marka, kumayitana azichemwali awo amene tinawayika kalekale. Akuti tsiku lina m'mawa anawapeza atayima pabwalo la a Sebastiano, oyandikana nawo aja, osadziwa njira yobwerera kunyumba. Sabata yomweyo mwana wa a Sebastiano anamwalira. Kuchipatala ananena kuti anali malungo, koma m'mudzi akuti anthu akunena zina.

Alamu akuti akafika pa mjigo amayi anzawo amangoti zii, ndipo ana a m'mudzi auzidwa kuti asamadutse pakhomo pathu. Akutinso abale a a Sebastiano akupangana zowolokera ku Mozambique kwa sing'anga kuti akawauze amene wadya mwanayo. Achimwene, inu ndi ine tikudziwa kuti munthu wopita kwa sing'anga amakhala kuti dzina ali nalo kale m'mutu.

Koma chimene chandiswa mtima ndi cha kutchalitchi. Akuti kwaya yanu ikayamba, amayi amangoyima kukamwa kuli kotseka, anthu onse akuyimba ndi kuvina. Lamulungu lina, kiyibodi itakwera, anatseka makutu ndi manja n'kutuluka panja. Ndiye akuti anthu a mumpingo mwathu momwemo, amene tinkadya nawo Mgonero, akunong'onezana kuti nyimbo za Mulungu zikuwawotcha. Akuti umenewo ndiwo umboni wakuti ndi mfiti.

Ndikuopa, achimwene. Ndikuopa kwambiri. Chaka chatha mnzanga wina anandionetsa kanema pa foni, gogo wina wa kwathu ku Malawi akumugenda pa maliro. Sindinathe kuonera mpaka kumapeto. Chimene ndinaona n'chakuti anthu ambiri ankangoyang'ana, manja ali m'chiuno. Kuyambira tsiku limene alamu anandiuza, nkhope ya gogo uja ikumasanduka ya amayi. Foni ikalira ndi nambala ya kumudzi, ndimaopa kuyankha.

Mundimvere bwino pa zimene ndaona kuno. Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yosamalira nkhalamba ina yachimuna. Bambo ameneyu ali ndi matenda omwewo. Mwana wake weniweni samudziwa, amamufunsa kuti wabwera kudzakonza chiyani. Naye amatuluka panja n'kusochera, naye amalankhula ndi mkazi wake amene anamwalira. Adokotala awo anandifotokozera kuti ndi matenda a mu ubongo obwera ndi ukalamba, ndipo phokoso lalikulu limawasokoneza odwalawo mpaka kufuna kuthawa. Kuno palibe amene amamuloza chala. Amangomugwira dzanja n'kumubweza m'nyumba.

Banja limeneli ndi la mpingo wa Lutheran ngati ife. Tsiku lina mwana wawo wamkazi anandipempha kuti ndiwaperekeze kutchalitchi, ndizikankha njinga ya olumala ya bambowo. Munthu amene amatha tsiku lonse osatulutsa mawu omveka, atangomva nyimbo ya m'buku ikuyamba, anadzutsa mutu n'kuyimba. Anayimba ndime zonse, osaphonya, buku lili chotseka pamiyendo. Chuni chake chinali chomwe chija cha nyimbo ya Pasaka imene amayi ankayikonda. Iye ankayimba m'chinenero chake, ine ndinkatsatira chapansipansi m'Chichewa, misozi ili chuchuchu. Mwana wake anandiuza kuti zimatero Lamulungu lililonse, ndipo adokotala anati nyimbo zimene munthu wayimba moyo wake wonse zimachedwa kuchoka m'mutu.

Ndiye ndinayamba kuganiza za kwathu. Chigumula chija chitalowa m'tchalitchi, mabuku a mpingo anavunda onse. Inu ndi achinyamata munachita bwino kusonkhanitsa anthu ndi makolasi, chifukwa panalibe choyimbira. Sindikunyoza kwaya yanu. Ndimaonera timakanema timene mumanditumizira, ndipo ndimaseka ndikaona mukugwedeza mapewa kutsogolo ngati mnyamata, imvi zili mbuu. Koma madzi anaphwa kalekale, ndipo buku silinabwerere. Makolasi anu amasintha mwezi ndi mwezi. Munthu amene sakumbuka ngati wadya, angaphunzire bwanji kolasi yatsopano? Amayi sakukana kuyimba. Palibe amene akuwayimbira nyimbo imene akuyidziwa.

Ndikukumbuka mmene munkanenera kuti nyimbo za m'buku n'zogonetsa tulo, kuti zimayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Mwina n'zoona kuti zimayenda pang'onopang'ono. Koma chifukwa cha kuyenda pang'onopang'ono komweko, nkhalamba yopanda mano ndi mwana wa Sande Sukulu amafika limodzi kumapeto a ndime. Nyimbo ya m'buku si ya kwaya, ndi ya mpingo wonse. Akulu a mpingo akangotchula nambala, ngakhale amene sanapiteko kusukulu amadziwa koyambira. Sifuna batire, sifuna sipika.

Chinanso, nyimbo zija zimanena nkhani n'kuyimaliza. Zimayamba ndi uchimo wathu, n'kutifikitsa pamtanda, n'kutitulutsa m'manda. Katekisimu amene tinkaloweza tili ana ndinamuyiwala pafupifupi yense, koma zimene ndimakhulupirira ndikuzidziwa chifukwa ndinaziyimba. Muli za ubatizo, za Mgonero, za Khirisimasi, za odwala, za maliro, ndipo muli za munthu wamantha ngati ine lero. Kolasi ya mzere umodzi ndi yokoma pamene mtima uli pabwino. Masiku ano ndayesa kuyimba makolasi ndili ndekha, koma amatha msanga mantha anga asanathe.

Pempho langa ndi limodzi. Buku la amayi linapulumuka chigumula chifukwa linali mu sutikesi yachitsulo ija tinayikweza pa mtanda wa denga. N'lachikuto chakuda, lomangidwa ndi kansalu kuti masamba asayoyoke. Litulutseni. Madzulo dzuwa likapepa, akhazikeni amayi pamphasa pakhonde, pamene anthu odutsa angaone, ndipo muyambitse nyimbo ya Pasaka ija. Musawafunse ngati akuyikumbuka, chifukwa mafunso amawachititsa mantha odwala otere. Ingoyimbani inuyo ndi alamu, pang'onopang'ono, ndipo mudikire.

Kenako mupite kwa a Gabriel, akulu a mpingo, mukawapemphe kuti Lamulungu loyamba mukalandira kalatayi, mapemphero ayambe ndi nyimbo ya m'buku. Abusa safika kawirikawiri, musawadikire. Tsiku limenelo kiyibodi ikhale yozimitsa kufikira nyimbo itatha. Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu cholemera. Inu ndinu mkulu wa kwaya, ndipo ndinu amene munayima kutsogolo n'kunena kuti mpingo uyende ndi nthawi. Achinyamata adzakusekani, adzati abwana abwerera kumbuyo. Asiyeni aseke. Muyambitse ndinu, ndi mawu anu aja okhala ngati a mvuu, kuti aliyense aone kuti mwana wawo wamwamuna wayima nawo.

Amayi muwakhazike pakati pa amayi anzawo, osati kumbuyo pafupi ndi khomo. Ngati n'kotheka akhale pafupi ndi akazi a a Sebastiano. Mayi ameneyu ndikumumvera chisoni, wataya mwana, ndipo munthu wolira amagwira chilichonse chimene wapatsidwa. Koma akudziwa kuti pa maliro a apongozi ake, amene ankayambitsa nyimbo kuchokera pasiwa mpaka kumanda anali amayi. M'mudzi monse mulibe banja limene amayi sanaliyimbirepo pa maliro. Anthu ayiwala chifukwa mawu aja sanawamve kwa nthawi yayitali. Ndikufuna awamvenso ndi makutu awo, akutchula dzina la Yesu ndime ndi ndime, pamaso pa mpingo wonse. Pamenepo tione amene adzanenenso kuti nyimbo za Mulungu zimawawotcha.

Sindikunamizani kuti ndikudziwa mmene zidzathere. Matendawa sayenda mofanana mwa anthu onse. Mwina amayi adzayimba pakhonde koma n'kukhala chete kutchalitchi. Mwina sadzayimba konse. Ichi ndicho chimene chikundisowetsa mtendere, chifukwa ngati titulutsa buku pamaso pa anthu iwo n'kukhala kukamwa kuli kotseka, tidzakhala tawapatsa onong'ona aja chonena chachikulu kuposa choyamba. N'chifukwa chake ndati muyambe mwayesa kunyumba. Akakhala chete kunyumba, kwa a Gabriel musapiteko.

Ndipo zikakanika, kaya kunyumba kaya kutchalitchi, musadikire kuti anthu aja abwere kuchokera ku Mozambique. Musadikire kukolola, musadikire kukambirana ndi wina aliyense. Muwakweze amayi pa njinga yamoto tsiku lomwelo, inu mukhale kumbuyo kwawo muwagwire, mupite nawo kwa achemwali athu a Melissa ku Nchalo. Ndalankhula nawo kale ndipo chipinda akonza. Ndikudziwa kuti amayi adzalira, chifukwa nyumba ija ndi malo okhawo amene akuwazindikirabe. Ndikudziwanso kuti anthu adzati tathawa chifukwa tikudziwa kanthu. Anene. Ine ndili kutali, achimwene, sindingathe kuyima pakhomo ndi kutchinga. Amene muli pafupi ndinu, ndipo sindikufuna kudzaona mayi anga pa foni ya munthu.

Mukawerenga mundiyimbire, muli panokha, mundiuze kuti mwamva.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Juliana, muwathokoze chifukwa chowasambitsa ndi kuwadyetsa amayi tsiku ndi tsiku osadandaula. Moni kwa ana anu onse, Fumbani ndi Thokozani makamaka, muwauze kuti asachite manyazi ndi agogo awo. Moni kwa amalume ku Maseya, kwa azakhali, ndi kwa a Gabriel ndi banja lawo. A Sebastiano ndi akazi awo muwauze kuti ndamva za zovuta zija ndipo ndikulira nawo.

Amayi muwagwire dzanja, muwauze kuti Imelda akupereka moni. Akafunsa kuti Imelda ndani, musawakakamize kukumbuka. Mungowauza kuti ndi munthu wa mumpingo mwawo, ali kutali, ndipo Lamulungu adzakhala akuyimba nawo nyimbo yomweyo.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu,
Imelda