Mutu Wanga ndi Maliro a Amayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kutsidya kwa nyanja ku Landover ndilipo, koma mutu uja sunandisiye. Umandigwira kunkhongo ngati andimanga chingwe, mpaka ndimaopa kuyendetsa galimoto.

Lachiwiri anandijambula m'mutu kuchipatala, koma sanapezemo chotupa. Adokotala anandifunsa kuti mutuwu unayamba liti. Nditawerenga miyezi ndinapeza kuti unayamba sabata imene munaika Amayi m'manda. Maliro aja ndinaonera pafoni ndili m'bafa kuntchito, nditagwira pakamwa kuti agogo amene ndimawasamalira asamve. Kenaka ndinasukusula n'kukawadyetsa. Mpaka lero sindinalire.

Adokotala akuti chisoni chosunga mumtima chimadwalitsa thupi, ndiye anditumiza kwa mlangizi wa za maganizo kuti ndizikacheza naye. Ndili ndi mantha, achemwali. Kodi misala imayamba chonchi? Musauze anthu kumudziko.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Lamulungu mukaweruka kutchalitchi, muitane azakhali, mukhale pakhonde la Amayi, mundiimbire foni. Muyambe ndinu kulira monga timachitira kwathu, ine ndidzalandira kuno.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike