Mtondo wa Amama pa Fulati ya Pamwamba

LACHIWILI

Dorcas, 06:52
ankhazi mwauka uli. ndapezanso kalata pansi pa chitseko. yachiwili iyi

Dorcas, 06:54
ndi ya a Whiteson, chairman wa komiti ya ma flat athu. ati ku flat 6 kukumveka kusinja, sister Petronella wa pansi pathu sakugona akaweluka night ku chipatala. ikabwela yachitatu ati nkhani ipita kwa eni nyumba

Ankhazi Ennie, 07:10
Ndauka mwanawe. Alamu anga, amama ako, akusinja chiyani m'mwambamo?

Dorcas, 07:12
nshawa. daily. ndikangotuluka kupita kukaphunzitsa iwo ayamba, 8 mpaka 10. ndye nthawi yomwe sister amafika kudzagona. nsinjilo zadzaza mabotolo asanu, tidya mpaka chaka chamawa

Mizeck, 09:41
network ya kuno ku camp ya mu game park ya Lukusuzi mukuidziwa. sisi auzeni asiye basi. amama sangabwelele kumudzi ku Magodi, paja BP inawagwetsa kuseli kwa khola anagona pamenepo mpaka madzulo popanda wowaona

Dorcas, 10:05
ukuganiza kt sindinawauze? ati phokoso limakwela m'mwamba ngati utsi, silingatsike pansi. ati mayi wa pansiyo akunama, angodana nawo poti ndi a kumudzi

Dorcas, 10:06
ati chibadwile sanamvepo munthu akudandaula ndi mtondo wa mnzake

Ankhazi Ennie, 10:31
(uthenga wa mawu, 1:58)
Dorcas, tamvela. Ine ndinalowa m'fulati ku Lusaka mu 1983, nthawi ya chipani chimodzi, ndili typist wa boma, nditangochoka ku Magodi ndi sutikesi yamalata. Sabata yoyamba ndatsuka mbale, madzi ndinangowaza pakhonde ngati ndili pabwalo kwathu. Anagwela a chairman a section, pamutu penipeni, ndi timitu ta kapenta tomwe. Masiku amenewo chairman akakulemba dzina, ngakhale pamzele wa ufa sunkaima ndi mtima umodzi. Ndinatsika kukagwada. Ndiye mvela kwa ine amene ndinapsa kale. Pansi pako ndi denga la mnzako, choyamba n'chimenecho. Mbaula izikhala pakhonde, osati m'nyumba mawindo ali chitsekele, ena tinaika m'manda chifukwa cha zimenezo. Madzi tungilani m'mamawa, mpopi woyamba kuuma ndi wa pamwamba. Makoko a m'poto musathile mu sinki, paipi ndi imodzi, ikatseka imakatulukila kwa wapansi. Nsapato zogogoda uzivula pakhomo. Zovala zodontha osayanika pamwamba pa za mnzako. Tsono mtondowo, ikani tayala lakale pansi pake.

Dorcas, 12:47
kkkkk timitu ta kapenta ankhazi 😂 tayala tinayesa kale. amama ati mtondo ukuvina, analitaya pa veranda

LACHISANU

Dorcas, 13:20
ankhazi ndinabisa munsi. uli mu cupboard ya mu staff room kuno kusukulu. lelo tsiku lachitatu

Mizeck, 13:58
bho. nkhani yatha

Dorcas, 14:02
siinathe. sakulankhula. ndikapita ndimawasiya pa mpando wa pa window, ndikabwela ndimawapeza pomwepo. dzulo chakudya anangochigwilagwila. mankhwala a BP mpaka ndiwaimilile

Dorcas, 14:03
sanandifunse nkomwe kt munsi uli kuti. bola akanandikalipila

Ankhazi Ennie, 14:25
Wabisa munsi wa amama ako, NyaZgambo? Mtondo umenewo anawasemela ndi mlongo wanga, adada anu, chaka chomwe unabadwa iwe. Munda munawasiyitsa, nkhuku munagawa, moto ndi wa magetsi woti amaopa kuukhudza. Ntchito yomwe inawatsalila m'manja inali imeneyo.

Dorcas, 14:27
ndye nditani ankhazi? akatichotsa muno tikakhala kuti pafupi ndi chipatala? ndikumva chisoni koma ndatopa

Ankhazi Ennie, 14:40
Ndikudziwa kuti watopa, sindikukudzudzula. Alamu anga sakuchita makani, sakukhulupilila chabe. Munthu amene sanagonepo pansi pa mnzake sangadziwe. Mawa bweza munsi. Upemphe sisitayo awalole akhale m'chipinda mwake, iwe ukwele ukasinje pamwamba. Adzimvele okha.

Dorcas, 14:44
mmm. ine kwa sister sindinalowepo

Ankhazi Ennie, 14:45
Wakhala zaka zingati pamenepo?

Dorcas, 14:45
ziwili

Dorcas, 14:46
timapatsana moni pa ma steps

Ankhazi Ennie, 14:47
Mayi mphunzitsi wathunthu. Kagogode, chitseko sichiluma.

LOWELUKA

Dorcas, 10:15
sister wavomela. ndi munthu bho, anachita manyazi iye mwini. ati kalata sanafune, anangofunsa a Whiteson kt pamwamba akumanga chani

Dorcas, 10:16
amama avala chitenge cha ku church ngati akupita ku mlandu kkk. tikutsika

Mizeck, 11:30
zayenda bwanji

Mizeck, 12:12
sisi?

Dorcas, 12:50
(uthenga wa mawu, 1:21)
Ankhazi, zavuta. Ndinawasiya atakhala pa bedi la sister, ine ndakwela, ndasinja mwina kakhumi chabe. Potsika ndapeza amama ali chiimile, agwila pakamwa. Ati bulb imagwedezeka, ka laimu ka ku siling'i kamagwela pa pilo, mpaka pa duku lawo. Afunsa sister kuti mwana wane, masabata atatu onsewa umagona mmenemu? Sister ati ayi amama, ndimakagona pa mpando ku kitchen. Ankhazi, amama anagwada pansi. Munthu wamkulu kugwadila mwana, sister akuwadzutsa iwo akukana. Takwela steps. Manje atulutsa chikwama, akupinda zovala.

Ankhazi Ennie, 13:04
Mayo ine.

Dorcas, 13:06
ati ndakhala ndikusinja pamutu pa mwana wa eni, amene amagwila odwala usiku onse, ine nkumamutchula wabodza. ati nkhope yokumana naye pa steps alibe. ati Mizeck abwele awatenge

Ankhazi Ennie, 13:09
Ndalakwa ndine. Ndimafuna akhulupilile, ndinaiwala kuti NyaZgambo manyazi amamupweteka kuposa matenda. Ndipatse ndilankhule nawo.

Dorcas, 13:15
akana phone. ati mulamu wawo ndiwapatse moni chabe

SABATA

Mizeck, 08:20
amama andiimbila pa phone ya sisi. ati ndikapanda kubwela akwela njinga ya hayala mpaka ku Magodi. ndawauza Lachitatu, ndili off. ndimafuna ndigule masiku chabe

Dorcas, 08:33
ku church akana. chikwama chili pakhomo chomangamanga. Mizeck kumudzi akagwanso adzawaona ndani

Mizeck, 08:35
ndikudziwa sisi

Mizeck, 08:36
koma kuwamanga sitingawamange

Ankhazi Ennie, 11:50
Ndachokela ku mapemphelo. Dorcas, usawanyengelele kwambili, amalimbilatu. Uwapatse mpunga asankhe, uwapatse nyemba. Manja akhale ndi chogwila.

Dorcas, 16:10
mpunga asankha. atamaliza anapukuta mtondo ndi kansalu nkuuika pafupi ndi chikwama

LOLEMBA

Dorcas, 13:42
amama kulibe

Dorcas, 13:42
ndafika nyumba yokhoma, key pansi pa mat. mtondo kulibe munsi kulibe

Dorcas, 13:43
Mizeck yankha

Dorcas, 13:44
(kuimba kosayankhidwa)

Dorcas, 13:45
(kuimba kosayankhidwa)

Ankhazi Ennie, 13:49
Chikwama chilipo?

Dorcas, 13:50
chilipo. mankhwala alinso pa table. koma mtondo ndi wolemela ankhazi, pa steps 22 atsika nawo bwanji okha. mwina agwa penapake. ndikuthamangila ku station ya njinga

Ankhazi Ennie, 13:51
Yamba wafunsa pansi.

Dorcas, 13:52
sister agona nthawi ino sindingamudzutsenso ife tamulakwila kokwana

Ankhazi Ennie, 14:10
Dorcas?

Ankhazi Ennie, 14:26
Mwanawe ndiyankhe, mtima uli m'mwamba kuno.

Dorcas, 14:41
ndawapeza

Dorcas, 14:41
dikilani ndipume

Dorcas, 14:48
(uthenga wa mawu, 1:44)
Ku station palibe anawaona. Pobwelela ndikudutsa kuseli kwa block ndangomva gu, gu, gu. Ankhazi, ali pa dothi kuseli kwa kitchen ya sister, pansi pa mpapaya, akusinja chigwada. Sister wakhala pa ndowa akusefa. Ati m'mawa ataweluka sanalowe nkomwe kwake, anakwela ndi uniform yomwe, nkugwada pakhomo pathu. Ati amama, ine ndinakulila mu Lusaka, mayi anga anamwalila ndili grade four, chigwada chotendela ndimangodya kwa anthu, kuphika sindidziwa. Ndiphunzitseni. Amama ati ine ndikupita Lachitatu. Iye ati ndiye tiyambe lelo. Wasenza mtondo yekha mpaka pansi. Amama ati anamutsatila chabe kuti angauswe pa steps.

Ankhazi Ennie, 14:53
Yewo, Ambuye. Mtsikana ameneyo ali ndi nzelu kuposa ine ndi 1983 wanga.

Dorcas, 14:55
apangana kt m'mawa sister azigona, kusinja kuziyamba 14 hrs akadzuka. a Whiteson anadutsa, amama awapatsa botolo la nsinjilo. alandila ndi manja awili kkk

Mizeck, 17:32
ndangoona ma missed call, tinali mu patrol. ndye Lachitatu ndibwele kapena

Dorcas, 17:40
ndawafunsa. ati chikwama chisamasulidwe

Mizeck, 17:41
eish

LACHITATU

Mizeck, 07:05
sisi ndili pa road. ndinyamuke?

Dorcas, 07:09
ndawafunsanso. ati lelo sizitheka, Petronella sanadziwe kuthila chidulo, amachulutsa. ati mwina sabata yamawa

Mizeck, 07:10
kkkkk ok. ndibwelele ku camp?

Ankhazi Ennie, 07:14
Bwelela. Ndipo nonse awili musadzafunsenso za tsiku. Chikwama chisiyeni pakhomo pomwepo, muzichilambalala posesa. Adzamasula okha tsiku lomwe adzafune duku lina.

Dorcas, 07:16
ok ankhazi

Dorcas, 16:22
ankhazi muli pa line?

Ankhazi Ennie, 16:30
Ndilipo.

Dorcas, 16:33
palibe vuto. BP sister wawayeza ati ili bwino, mankhwala amwa osakakamizidwa. chakudya cha masana adyela konko

Dorcas, 16:34
ndafika 14:30 nyumba ili zii. mpaka pano sanakwele

Ankhazi Ennie, 16:35
Si zimene timafuna?

Dorcas, 16:38
ndi zomwezo

Dorcas, 16:41
ndili pa veranda ndikuwamva pansipa. akumuphunzitsa nyimbo ya pamtondo ya chitumbuka, sister akulakwitsa mawu, amama akuseka mpaka kutsokomola

Dorcas, 16:42
chibwelele muno sanasekepo choncho ndi ine. ine ndimangoti amama osagwila apo, amama osathila apo, amama mwamwa mankhwala

Dorcas, 16:43
akumuitana mwana wane. ndikuchita nsanje ankhazi, ndikudziwa kt ndi zopusa

Ankhazi Ennie, 16:47
Si zopusa. Iwe ndi amene unawatenga ku Magodi ena onse akuyang'ana kumbali, ndipo iwo akudziwa. Koma wakhala mlonda wawo nthawi yaitali, mwanawe. Pansipo akusowa wopeta.

Dorcas, 16:49
sanandiitane

Ankhazi Ennie, 16:50
Pamtondo saitana munthu.

Dorcas, 16:52
ndili ndi ma book 60 oti ndichonge

Dorcas, 16:55
komanso kupeta ndinaiwala, andiseka

Ankhazi Ennie, 16:56
Akuseke kumene. Vula nsapato za kusukuluzo, tenga lichelo, tsika.

Ankhazi Ennie, 17:20
Dorcas?

Mizeck, 17:48
ankhazi musiyeni. ndamuimbila kawili, phone ikungolila yokha m'nyumba